Mwana Akapempha Mpamba: Malangizo kwa Makolo a mu Bauleni

Tchuthi chikayandikira, m'nyumba zambiri muno mu Bauleni mumamveka pempho limodzi: "Amayi, mundipatseko kampamba, ndiyambe kugulitsa." Mwanayo waona mnzake atayala maswiti pakatebulo pakhomo, kapena akuthandiza azakhali ake pa kantemba, naye mtima wamuuka. Iwe kholo mumtima muli ziwiri. Kwina ukunyadira kuti mwana wayamba kuganiza, kwina ukuopa kuti anthu anena kuti kulera kwakukanika. Ine ndalera ana atatu m'komboni muno, awiri anagulitsapo, ndipo zambiri zimene ndalemba pano ndinazidziwa nditalakwitsa kale. Mitengo ndi chenji mwana sachedwa kugwira. Ovuta kuphunzira ndife akulu.

1. Musayankhe pomwepo, yambani mwafunsa chifukwa. Khalani naye pansi madzulo, mufunse kuti ndalamazo akufuna achite nazo chiyani. Wina akufuna nsapato za mpira, wina foni, wina kungosirira anzake. Zonsezi n'zabwino. Koma pali mwana wina amene anakumvani usiku mukunong'onezana za lendi, poti m'nyumba zathu zambiri chipinda ndi chipinda zimalekana ndi katani chabe. Mwana wotere sakupempha bizinesi, wasenza mantha anu. Muuzeni mosabisa kuti: "Za lendi ndi za ife, atate ako ndi ine. Iwe ugulitse kuti uphunzire." Mawu amenewa muziwabwereza, chifukwa kamodzi sakhulupirira.

2. Zaka zake ndi sukulu. Lamulo la ntchito la dziko lino, Employment Code Act ya 2019, silola kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 15. Wa zaka 13 mpaka 15 amaloledwa ntchito yopepuka yokha, yosawononga thanzi lake ndiponso yosamujombetsa kusukulu. Muyeso womwewo ugwire ntchito ngakhale pa katebulo ka pakhomo panu. Wamng'ono kuposa apa azikhala pambali panu, akuwerenga maswiti ndi kupereka chenji inu mukuona, osati kumutuma yekha ndi ndowa pamutu.

Kuyambira Januwale 2022 masukulu a boma salipiritsa fizi mpaka kumaliza sekondale. Ndikudziwa kuti yunifomu, nsapato ndi makope sizinakhale zaulere, koma chifukwa chochotsera mwana m'kalasi kuti akagulitse chinatha. Nthawi yogulitsa ndi akaweruka, Loweruka, ndi pa tchuthi cha Epulo, Ogasiti ndi Disembala. Teremu ya mayeso katebulo kalowe m'nyumba. Mukamva kuti akuodzera m'kalasi, musadikire lipoti.

3. Sankhani katundu wosawola ndiponso wosadalira magetsi. Amene ankagulitsa mafiriziti mu 2024 akukumbuka: madzi atatsika ku Kariba chifukwa cha chilala, ZESCO inkazimitsa magetsi pafupifupi tsiku lonse, ndipo mpamba unkasungunukira mufiriji. Kwa woyamba kumene, bwino mapopukoni, nshawa zokazinga, maswiti, mabisiketi, mapensulo. Zikapanda kutha lero, mawa zikadalipo.

Zakudya zophika muziganizire kawiri nyengo ya mvula. Kolera amene anayamba mu Okutobala 2023 anachititsa kuti bwalo la Heroes lisanduke chipatala, ndipo masukulu anatsegulidwa pa 12 Febuluwale 2024 m'malo mwa Januwale. Mu Januwale 2018 matenda omwewa ndi amene anachotsetsa ogulitsa m'misewu ya m'tauni. Choncho vitumbuwa zikhale mundowa yovundikira, zotolera ndi foloko kapena kapepala, osati dzanja lomwe lagwira ndalama. Madzi opangira chilichonse akhale owiritsa kapena othira klorini. Mafuta otentha pa mbaula ndi ntchito ya wamkulu.

4. Malo ake ndi pakhomo, pamene diso lanu kapena la aneba likufika. Osati m'mbali mwa msewu wa Leopards Hill pamene galimoto zimathamanga, osati pafupi ndi bala, osati dzuwa litalowa. Fodya, kachasu ndi mowa uliwonse asagulitse, ngakhale atamutuma ndi amalume ake. Kokaoda ku Soweto Market mupite naye, aone mmene mumanenerera mtengo, mmene mumagwirira chikwama m'chipiringu, mmene mumakanira katundu woonongeka.

Pali mawu amodzi amene muyenera kumuuza mukumuyang'ana m'maso, wamkazi ndi wamwamuna yemwe. Munthu akati "bweretsa m'nyumba ndikupatse ndalama," asalowe. Akamugwira dzanja, ataye ndowa pomwepo athawe. Ndipo muonjeze kuti: "Sindidzakufunsa za katundu." Ana ambiri amaima pamalo oopsa chifukwa choopa kufika kunyumba opanda ndowa. Nambala ya 116 ndi yaulere, yothandiza ana amene achitidwa nkhanza. Ailoweze pamtima monga analowezera yanu.

5. Mpamba ukhale waung'ono, ndipo kope liyambe tsiku loyamba. Mupatseni ndalama zimene zitatayika simugona ndi njala. Za kaloba ayi. Za chilimba zimene anzanu akuyembekeza kumapeto kwa mwezi ayi. Nenani poyera ngati mwamupatsa kapena mwamubwereka, chifukwa zosanenedwa ndi zimene zimadzabala mkangano.

Tiyerekeze kuti mwaoda katundu wa K100, basi yadya K20, ndipo zonse zitatha m'chitini muli K150. Mwana adzalumpha kuti wapeza K150. Mukamukumbutsa za katundu, adzati K50. Musiyeni awerenge yekha mpaka afike pa K30. Kenako zitini zitatu: cha mpamba chimene sakhudza, chosungira chinthu chija akufuna, ndi chodyera, chimene angagule nacho zilizonse inu osafunsa. Chachitatuchi musachinyoze. Mwana amene salawako thukuta lake amatopa msanga.

Ndalama zatsopano zimene zinatuluka mu Marichi 2025 zili ndi makobili a K2 ndi K5, ndi mapepala a K200 ndi K500. Wobwera ndi pepala lalikulu kudzagula switi imodzi, mwana aitane wamkulu. Za Airtel Money kapena MoMo zidutse pa foni yanu, poti polembetsa pamafunika chitupa cha NRC, chimene amatenga atakwana zaka 16, koma uthenga wa ndalama zake muzimuonetsa.

6. Musadye mpamba wa mwana. Apa ndichedwapo, chifukwa ndi pamene ndinagwa ine.

Mwana wanga wachisamba anali ndi zaka 14, akugulitsa mapopukoni. Tsiku lina ndiwo zinasowa, atate ake asanalandire. Iye ali kusukulu, ndinatsegula chitini chake n'kutengamo K40, ndinagula kapenta ndi tomato. Mumtima ndinati, si adya nawo? Anadyadi. Usiku anawerenga ndalama zake katatu, kenako anagwira mlongo wake wamng'ono pakhosi kuti ndiye waba. Mnyamatayo analira mpaka kugona, ine ndili chete, manyazi atanditseka pakamwa. M'mawa ndinaulula. Anangoti, "Palibe kanthu, amayi." Koma kuyambira tsikulo ndalama zake ankapita nazo kusukulu atazibisa musokosi, ndipo panatenga miyezi kuti ayambenso kundionetsa kope lake. K40 ndinabweza sabata yomweyo. Chimene chinachedwa kubwerera ndi chija chakuti mwana amagona podziwa kuti chinthu chake chili pabwino m'nyumba mwa amake.

Sindikunena kuti banja ligone ndi njala chitini chili ndi ndalama. Masiku otere alipo ndipo adzabwera. Koma pemphani, musatenge. Alembe yekha m'kope kuti "Amayi, K40," ndi tsiku lobweza, ndipo tsikulo likafika bwezani iye asanakukumbutseni. Mukalephera, muuzeni kuti mwalephera, mutchule tsiku lina.

Achibale ndiwo ena. Azakhali afika, atola mapaketi awiri: "Ndidzakupatsa mawa, mwanawe." Mwana woleredwa bwino sangakanize wamkulu, ndife tomwe tinamuphunzitsa zimenezo. Ndiye wokana mukhale inu: "Alamu, katunduyu ndi wa mwana, tiyeni timulipire." Kuli bwino akwiyire inu.

Ndipo dziyang'anireni mumtima. Tsiku limene mudzayamba kuwerengera ndalama za mwana poganiza za ufa wa mawa, zinthu zatembenuka: mwana wasanduka mzati wa nyumba. Iye amazindikira msanga kuposa inu. Amaleka kunena kuti watopa, amaleka kupempha kukasewera, ndipo anthu amamuyamikira kuti ndi wokhwima nzeru, pamene wangosowa pothawira.

7. Tsiku limene adzaluza. Lidzafika. Adzapereka chenji chopitirira, mvula idzanyowetsa katundu, anyamata adzamulanda, kapena adzadya yekha maswiti theka. Akafika pakhomo maso ali pansi, mawu oyamba akhale akuti, "Wafika bwino, ndiye chachikulu." Mupatseni nsima. Zowerengera mawa, mitima itatsika, ndipo funso likhale lakuti "Zinayenda bwanji?" osati "Unali kuti maso?"

Musamumenye. Children's Code Act ya 2022 inaletsa kulanga mwana pomukwapula, koma ngakhale lamulo likanapanda kunena, taonani zimene chikwapu chimabala pa nkhani ya ndalama: mwana womenyedwa chifukwa cha K10 yoperewera amaphunzira kunama, kapena kutsalira panja mpaka mdima kuti ikwane, kapena kuitenga m'chikwama chanu. Ngati wadyadi mpamba, chilango chili kale m'chitini: alibe chooda. Musathamangire kudzazamo. Ayambirenso ndi zimene zatsala.

8. Abale ake ndi pakamwa pa anthu. Wamng'ono akathandiza kumanga mapaketi, alandireko kanthu, ngakhale K2. Wogulitsayo asaleke kutsuka mbale ndi kutunga madzi chifukwa ali ndi ndalama. Musamuyerekeze ndi mkulu wake amene amakonda mabuku okha. Mwana wolumala musamusiye kumbuyo: pano pathu pali Bauleni Special Needs Project, ya masisitere a Sacred Hearts of Jesus and Mary, kumene ana ndi achinyamata olumala amaphunzira sukulu ndi ntchito zamanja, ndipo zimene amatha kumeneko zimatsegula maso makolo ambiri. Za aneba onena kuti mukugwiritsa mwana ntchito, musapse mtima msanga. Dzifunseni ngati akupita kusukulu, akugona nthawi yake, akusewera, ndiponso ngati ndalama zili m'manja mwake. Ngati chimodzi chasokonekera, anebawo akuthandizani.

9. Akati watopa, mulekeni asiye. Zimapweteka, makamaka bizinesi ikuyenda, ndipo mwina inu munayamba kale kulota kantemba ya malata atsopano. Loto limenelo ndi lanu. Musamutche waulesi, musamukumbutse ndalama za basi zimene munaononga pomuperekeza ku Soweto. Khalani naye muwerengere limodzi komaliza: katundu watsala ndi uyu, ngongole za anthu ndi izi, zanu zimene munabwereka ndi izi, ndipo mubweze pomwepo. Zotsala m'zitini ndi zake, kope asunge yekha. Katebulo musawaze nkhuni. Kaimikeni kuseri kwa chitseko, ndipo musakatchulenso mpaka iye atakafunsa.