Chigongono chikayamba kulira, mverani

Ku Kanyama mu Lusaka kuli mnyamata wina amene ankakankha wilibala pamsika wa Soweto. Madzulo ankapita kuseri kwa nyumba ya mnzake, komwe anyamata anapanga jimu yawo: simenti yothira m'zitini za penti, chitsulo chopyoza pakati. Sikelo kunalibe, mphunzitsi kunalibenso. Mphamvu ankaziyeza poona amene wanyamula chitini chachikulu.

Mnyamatayu ankafuna mikono ikuluikulu msanga. Ankafinya chitsulo ndi mphamvu zake zonse, dzanja litapindikira kumbuyo, n'kumachikoka modzidzimutsa. Posakhalitsa kafupa ka kunja kwa chigongono kanayamba kuwawa. Mdala wina amene anasewerapo nkhonya anamuona akusisita mkono nati, "Iwe mwana wanga, chepetsa zitsulozo, uwongole dzanja." Anzake anaseka, amvekere ululu ndiwo umakulitsa thupi. Iye anamvera anzakewo, nagula Diclofenac, napitiriza.

Mapilitsi anagoneka ululu, koma chovulalacho chinkakulirakulira. Minofu imene imatukula dzanja ndi zala imathera pa mtsempha wolimba womatirira pa kafupa kameneko. Ukamakokedwa mobwereza usanapume, ulusi wake umang'ambika pang'onopang'ono, ndipo poti magazi amafikako ochepa, umachedwa kupola. Madokotala amatcha vutoli tennis elbow, dzina lochokera ku England m'zaka za m'ma 1880, koma ambiri odwala vutoli sanagwirepo raketi. Limagwira akalipentala, oumba mabuloko, amayi ophwanya miyala m'mbali mwa misewu ya Lusaka, ndi onyamula zitsulo molakwika. Ululu ukakhala mkati mwa chigongono, wavulala ndi mtsempha wa minofu yopinda dzanja.

Tsiku lina analephera kunyamula ketulo ya tiyi. Kupatsa munthu moni wa m'manja kunali kuluma mano, kufinya chovala chochapa osatheka. Wilibala ija anaisiyira wina, ndalama ya lendi n'kusowa. Safunsa anadya phula. Atapita kuchipatala anamva zimene sankayembekeza: vutoli limatha miyezi 6 mpaka zaka 2, ngakhale ambiri amachira chaka chisanathe. Anapempha jekeseni, koma anamufotokozera kuti jekeseni ya steroid imaziziritsa ululu kwa masabata ochepa chabe, ndipo ambiri umawabwerera. Anamuphunzitsa kutsitsa dzanja pang'onopang'ono atagwira kabotolo ka madzi, tsiku ndi tsiku, kwa miyezi.

Inu achinyamata a ku Matero, Chawama, George ndi Mtendere, masewera ndi abwino, ndipo sindikuti muwasiye. Yambani ndi zopepuka, muziwonjezera kulemera pang'onopang'ono. Dzanja lizikhala lowongoka ndi mkono, musafinye chitsulo mopitirira, ndipo muzipumitsa mkono pakati pa masiku olimbitsa thupi. Funsani odziwa: ku OYDC, malo a masewera amene anatsegulidwa mu 2010, kuli aphunzitsi a masewera osiyanasiyana. Ululu ukapitirira kwa masabata angapo, kapena chigongono chikatupa, kapena zala zikachita dzanzi, pitani kukiliniki kapena kuchipatala cha m'dera lanu, akutumizeni kwa a physiotherapy. Musadalire mapilitsi kuti mupitirize kunyamula, chifukwa kumwa Diclofenac kapena Brufen nthawi yaitali kumawononga m'mimba ndi impso.

Mkono womwe mumanyamulira zitsulo ndi womwewo umagula unga kunyumba. Kupumula masabata awiri lero n'kotchipa kusiyana ndi kukhala chaka chathunthu osagwira ntchito.