Makilomita ochepa, koma galimoto ikufooka

Funso: Bambo makaniko, ndimayendetsa Toyota Hilux ya dizilo pa kampani ina ya alonda. Usiku timazungulira Kawale, Biwi ndi Area 23, kenako timaima injini ikulira mpaka mbandakucha. Makilomita ndi ochepa, koma oyilo akuda msanga ndipo galimoto ikufooka pachitunda. Abwana akuti nthawi ya sevisi sinakwane. Nditani?
Dalaivala, Area 23

Yankho: Achimwene, mita imawerenga mtunda wokha. Maola amene injini yalira galimoto itaima salowamo, chonsecho oyilo amakhala akugwira ntchito. Injini yolira pamalo amodzi sitentha mokwanira, choncho mwaye ndi dizilo wosapsa zimalowa mu oyilo n'kumufooketsa. Kuda kokha kusakuopseni, oyilo wa injini ya dizilo sachedwa kuda. Chondidetsa nkhawa ndi kufooka kwa galimotoyo.

Yambani ndi fyuluta ya mpweya. Fumbi la m'misewu yam'makwalala m'chilimwe limaitseka msanga. Itulutseni muiunike padzuwa, ngati kuwala sikudutsa isintheni. Fyuluta ya dizilo muikhetse madzi, makamaka ngati munathirapo mafuta a m'zigubu.

Abwana auzeni kuti pa ntchito yotereyi oyilo ndi fyuluta yake zisinthidwe pa makilomita 5,000 alionse. Mukaima nthawi yaitali, zimitsani injini. M'mawa uliwonse, injini itazizira, onani oyilo, madzi ndi matayala, mulembe m'buku la galimoto.

Thamangirani ku galaja mukaona utsi wabuluu kapena woyera wosatha, kapena oyilo akukwera yekha pa dipisitiki. Nyali yofiira ya oyilo ikayaka, zimitsani pomwepo, galimotoyo aikoke.