Kuthyoka kwa Nsagwada

Ikani zala zanu patsogolo pa makutu, ndipo muyasamule pakamwa. Kodi mwamva kanthu kalikusuntha? Pamenepo ndipo nsagwada ya kunsi ilumikizana ndi cigaza. Mwa ana malo amenewa ali anthete, ndipo nsagwada imakulira pomwepo.

Mnyamata akagwa mu mtengo wa mango kapena pa njinga nagunda cibwano pansi, akulu amaona bala la pa cibwano lokha. Amalitsuka, nati, "Wapulumuka." Koma mphamvu ya kugwako imayenda m'fupa kufikira kufupi ndi khutu, ndipo kawirikawiri fupa limathyokera komweko kumene maso saona.

Mafupa a mwana salira nthawi kulumikizana. Pa masabata 3 okha fupa lothyoka lagwirana kale. Ici ncabwino ngati dokotala waliongola. Ngati sanatero, limagwirana cokhota, ndipo mano a kumwamba ndi a kunsi sakumananso bwino potafuna.

Coopsa koposa cimadza mocedwa. Magazi amene anaundana m'mfundo ija angathe kusanduka fupa, nsagwada nimamatirira ku cigaza. Mwezi ndi mwezi pakamwa pamanka napacepa, kufikira mwanayo alephera kulowetsa mbamu ya nsima. Mbali yopwetekayo imatsalira pokula, cibwano nicipendekera kumodzi. Pofika apo, nkovuta kuti makolo akumbukire kugwa kwa zaka zapitazo, ndipo ena amayamba kunena za ufiti. Cifukwa ca ici dokotala samanga nsagwada ya mwana nthawi yaitali monga acitira ndi akulu, koma amfulumiza kuyamba kuyasamula.

Palinso mano. Mwana ali ndi mano oyamba 20, ndipo m'kati mwa fupa mwabisala ena amene adzakwanitsa 32 a munthu wamkulu. Fupa likathyoka pamene pali dzino losamera, dzinolo limera mokhota, kapena silimera konse. Usinini ukang'ambika, tizilombo ta m'kamwa timalowa m'fupa, nilicita mafinya.

Tsono mnzanu akagwa, mumuyang'ane. Ngati mano ace sakumana, ngati alikukha dovu, kapena amva kuwawa pafupi ndi khutu poyasamula, musamgoneke cagada, pakuti magazi angamtsamwe. Akhale tsonga ataweramira kutsogolo, atagwiriza cibwano ndi dzanja. Itanani aphunzitsi kapena makolo, kuti apite naye ku cipatala tsiku lomwelo, ngakhale bala lioneke laling'ono.