Musamubweze, koma timu musaisiye

Zikomo bambo athu a ku Makawa chifukwa cha kalata yanu. Mukuti makolo anzanu akufuna mutule pansi ukochi wa timu ya ana, alowepo mnyamata amene anasewerapo mu Super League, ndipo zakuwawani.

Bambo, mnyamatayo musamubweze. Amadziwa kuimika otchinga kumbuyo, amadziwanso kuonetsa mwana poponda pomenya mpira. Kinnah Phiri anali katswiri womwetsa zigoli, ndipo ndi yemweyo anapita ndi Flames ku Angola mu 2010 monga kochi.

Komatu kusewera bwino si kudziwa ana. Inu mumadziwa mwana amene wachezera panyanja kukoka usipa, maso ali psuu, amene wabwera pabwalo osalawa kanthu, amene ayenera kuweruka msanga kuti akafike ku madrasa. Mlendo angamukalipire mwana wotereyo kuti ndi waulesi, mpaka mwanayo osadzabweranso. Zimenezo zimandipweteka ine.

Mupatseni mnyamatayo zolimbitsa thupi ndi luso, inu musunge ana, ndipo nonse mukafunse za maphunziro a ukochi a FAM. Ngati mwana wanu ali m'timumo, womusankha kulowa m'bwalo akhale mnzanuyo.