KHOFI WA KU MAPIRI

Mzinda wa Kafue uli m'cigwa, m'mbali mwa mtsinje waukulu, ndipo m'mwezi wa October kumatentha kwambiri. Mbeu monga cimanga ndi nzimbe zimakondwera ndi malo otere. Koma ilipo mbeu ina imene imakoma koposa ikamera pamwamba pa mapiri, kumene kuli nkhungu ndi mphepo yozizira. Mbeuyo ndiyo khofi wa mtundu wa Arabica. Kumapiri zipatso zace zimapsya pang'onopang'ono, ndipo kucedwa kumeneku ndiko kumapatsa njere pfungo labwino.

Khofi anafika ku Blantyre m'caka ca 1878. Jonathan Duncan, amene anali kusamala munda wa Mishoni, anadza ndi timitengo kucokera ku Edinburgh. Kamodzi kokha ndiko kanapulumuka, ndipo njere zace zinafalikira m'minda ya Azungu ya ku Blantyre ndi ku Zomba. Pofika caka ca 1900 khofi ndiye anali malonda akulu a dziko la Nyasaland. Pambuyo pace cirala ndi tizirombo zinaononga minda, mtengo unagwa cifukwa ca khofi wocuruka wa ku Brazil, ndipo eni minda anatembenukira ku thonje, fodya ndi tiyi.

Koma ku mapiri a kumpoto kwa Malawi, ku Misuku m'boma la Chitipa, ku Phoka m'boma la Rumphi ndi ku Viphya, anthu a m'midzi anaphunzira kulima mbeuyi m'timinda tao. Mlimi amayamba ndi kufesa njere pa nazale. Mbande zikakula amazioka m'maenje othira manyowa, m'mizere yopingasa phiri, kuti madzi a mvula asakokolole nthaka. Ambiri amabzalanso nthoci pakati pace kuti zipatse khofi mthunzi ndi kupatsa banja cakudya. Mlimi ayenera kupirira, pakuti zimapita zaka zitatu mtengo usanabale.

Mvula yoyamba ikagwa, mitengo imacita maluwa oyera onunkhira. Zipatso zimayamba zobiriwira, ndipo zimafiira m'nyengo ya cisanu. Sizipsya zonse pamodzi, cotero wothyola amasankha zofiira zokhazokha ndi manja, nabwereranso ku mtengo womwewo kangapo.

Tsiku lomwelo zipatso ziyenera kufika ku fakitale. Fakitaleyi siifanana ndi ija yaikuru ya feteleza imene inatsegulidwa ku Kafue m'caka ca 1970. Ndi kanyumba kakang'ono pafupi ndi mtsinje, kokhala ndi makina ocotsa makoko, ndipo eni ace ndiwo alimi omwe. Pamenepo kalaliki amayesa zipatso pa sikelo, nalemba dzina la mwini m'buku. Makoko akacoka, njere zimakhala m'thanki tsiku limodzi kapena awiri kufikira utomoni wace utasungunuka. Pamenepo amazitsuka ndi madzi oyera, naziyanika pa thandala pafupifupi masabata awiri, akuzitembenuza kawirikawiri. Makilogalamu asanu kapena asanu ndi limodzi a zipatso amatulutsa kilogalamu imodzi yokha ya njere zogulitsa.

Mlimi mmodzi sangathe kugula makina, ngakhale kudzaza galimoto ndi khofi wace yekha. Ici ndico cifukwa cace alimi amagwirizana m'makopaletivi. Kale Boma ndilo linali kuyang'anira malondawa, koma m'caka ca 1999 anaperekedwa m'manja mwa alimi, ndipo mu 2007 makopaletivi ao anapanga bungwe limodzi, la Mzuzu Coffee Planters Cooperative Union, kuti ligulitse khofi wao m'dziko momwemo ndi ku maiko akutali.

Ogula a kunja sakhulupirira maso okha. Amatenga njere pang'ono, nazikazinga, nazipera, nathirapo madzi otentha. Ndipo olawa odziwa nchito yao amapatsa khofiyo malikisi, monga mphunzitsi acitira pa mayeso. Khofi wopata malikisi 80 kapena kuposerapo mwa 100 amayesedwa wapamwamba, nagulidwa pa mtengo wokwera.

Apa ndipo pali ciyeso ca cigwirizano. Khofi wa mudzi wonse amasakanizidwa m'thanki imodzi. Munthu mmodzi akabisa zipatso zosapsya kapena zogonera pansi pa dengu kuti lilemere, wolawa adzamva kuwawa kwace m'kapu, ndipo mtengo udzatsikira onse, ngakhale mkazi wamasiye amene anasankha zace mosamala ndi kuyembekeza kulipirira ana sukulu. Akulu anati nsomba ikaola imodzi, zonse zaola. Cifukwa ca ici dengu liri lonse limakhuthulidwa ndi kusankhidwa poyera, anthu onse akuona, lisanakwere pa sikelo.

MAFUNSO

1. Cifukwa ninji khofi wa ku mapiri amakoma koposa?
2. Kodi khofi anafika bwanji ku Blantyre, ndipo m'caka canji?
3. Fotokozani zimene zimacitika ku fakitale, kuyambira pa sikelo kufikira pa thandala.
4. Kodi mlimi mmodzi wosakhulupirika angasautse bwanji anzace?