Injini Ina M'pikapu ya ku Kachulu: Mafunso ndi Mayankho

Kuchoka mumzinda wa Zomba kukafika pa doko la Kachulu, pa nyanja ya Chilwa, ndi makilomita pafupifupi 30, koma msewuwu umakalambitsa galimoto msanga. Mu Okutobala ndi fumbi, mu Febuluwale ndi matope a makande, ndipo pikapu imabwerera itasenza matemba, mlamba wowamba, matumba a mpunga wa ku Likangala, ndi anthu a matola pamwamba pake. Mafunso otsatirawa ndi amene eni galimoto zotere amafunsa injini ikatopa.

Injini yanga yanoka. Ndiikonzetse kapena ndigule ina?

Musagule chilichonse makaniko asanaitsegule. Ngati zatha ndi ma ring, ma bearing ndi gasiketi, ovaholo ndiyo yotchipa, ndiponso mutsala ndi injini yomwe mukuidziwa mbiri yake. Koma ngati block yang'aluka, kapena crankshaft inasemedwa kale mpaka pomaliza, pamenepo mukuthira ndalama m'dengu.

Injini zogwirapo kale ntchito zimachokera ku Japan, ndipo mukazipeza ku Limbe kapena ku Lilongwe. Mtengo wake umatsata dola: kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, injini nazo zinakwera. Pitani ndi makaniko wanu, osati wa wogulitsayo. Ailize muli pomwepo. Tsegulani chotsekera cha oyilo ikulira: ikamapuma utsi wambiri pamenepo, yatha mkati. Oyilo akaoneka ngati tiyi wamkaka, madzi alowa kosayenera.

Ndiikemo injini iti?

Ya m'banja lomwelo. Toyota Hilux yomwe inali ndi 2L ya malita 2.4 imalandira 3L ya malita 2.8 kapena 5L ya malita 3.0 popanda nkhondo, chifukwa mabawuti ake ambiri amakumana ndi a giyabokosi. Ku Nissan, QD32 imakhala pomwe panali TD27. Ku Isuzu KB, 4JB1 imalowa m'malo mwa 4JA1. Mphamvu imawonjezeka pang'ono, galimoto n'kukhalabe yomweyo.

Mukadumpha banja, mwachitsanzo injini ya Nissan m'thupi la Toyota, zimatheka, koma ntchitoyo yachoka m'manja mwa makaniko, yapita kwa wowotcherera ndi wosema zitsulo. Pafunika chitsulo cholumikiza injini ndi giyabokosi, zokhazikapo injini zatsopano, ndi kilatchi yogwirizana ndi mbali zonse ziwiri. Chitsulo cholumikizacho chikapendekeka pang'ono chabe, muzisintha kilatchi ngati malaya.

Mnzanga akuti ndiike ya Canter kuti ndizinyamula matumba ambiri. Bwanji pamenepa?

Funso ili ndi lomwe lasaukitsa ambiri, choncho tichedwepo. Injini imakoka, koma sindiyo imasenza. Wosenza ndi tchesisi, masipiring'i, difu ndi matayala, ndipo woimitsa ndi mabuleki. Zonsezi zinapimidwa molingana ndi katundu wa tani imodzi kapena kuposerako pang'ono. Mukaika injini ya lole, monga 4D33 ya malita 4.2, mwangopatsa dalaivala mtima woti galimoto sikulemedwa, chikhalirecho pansi pakulira.

Poyamba, injiniyo ndi yolemera, ndiye kutsogolo kumatsika, sitiyaring'i n'kuuma. Sampu yake nthawi zambiri imagunda chitsulo chopingasa cha pansi, kapena difu ya kutsogolo ngati galimoto ndi ya four wheel. Giyabokosi ya pikapu siinapangidwire mphamvu yotere. Mano ake amayamba kuthetheka tsiku lomwe mwatitimira m'matope n'kuponda moto. Kenaka magetsi: malole ambiri a Canter ochokera ku Japan amayendera mavoti 24, mabatire awiri, pomwe pikapu ndi ya mavoti 12. Sitata ndi alternator ziyenera kusinthidwa, apo ayi mababu ndi mawotchi a pa dashibodi apsa.

Ine ndimati, ngati malonda akula mpaka kufuna matani atatu, gulitsani pikapuyo mugule lole. Ngakhale Land Cruiser 79, yomwe 1HZ yake ya masilinda 6 ndi malita 4.2 imatamandidwa m'misewu yoipa ya mu Africa, ndi yolimba chifukwa difu, tchesisi ndi giyabokosi yake zinabadwira limodzi ndi injiniyo.

Nanga injini zamakono, za kompyuta, monga 2KD?

Ndi zamphamvu, zosamwa dizilo kwambiri, ndipo pa tala zimakoma. Koma 2KD ndi anzake a common rail amafuna kompyuta yawo, mawaya onse, ndiponso nthawi zina kiyi yake yeniyeni, apo ayi salira. Amafunanso dizilo woyera. Kuno kunyanja, makamaka mafuta akasowa monga zinachitikira mu 2011 ndi mu 2022, dizilo amagulidwa m'zigubu, momwe mumakhala fumbi, madzi, mwinanso parafini. Pampu yakale ya 3L kapena TD27 imatsokomola n'kupitiriza ulendo. Ma injector a common rail amafa, ndipo kugula anayi n'kulira. Injini yotere ikakuferani pakati pa Govala ndi Kachulu, makaniko wa pa Jali ndi masipanala ake sangaitsitsimutse popanda makina oiwerengera.

Zindikirani kuti 5L ilipo ya mitundu iwiri. Yolembedwa 5L-E pampu yake imalamulidwa ndi kompyuta. Funsani musanalipire.

Yanga ndi ya petulo. Ingasanduke ya dizilo?

Inde, koma musaiwale mabuleki. Injini ya petulo imayamwa mpweya womwe umafewetsa buleki. Ya dizilo siitero payokha, imadalira kapampu ka vacuum, kamene pa injini zambiri zakale kamakhala kumbuyo kwa alternator. Kakapanda kulumikizidwa, buleki imauma ngati mwala. Tsukani thanki, ikani paipi yobwezera mafuta, sefa yolekanitsa madzi, mawaya a ma heater plug, ndi batire lalikulu. Dziwaninso kuti injini ya dizilo siizungulira msanga ngati ya petulo, ndiye ndi difu yakaleyo liwiro lapamwamba lichepa. Pa msewu wa Kachulu zimenezo si zodandaulitsa.

Ladiyeta yakale ikwanira?

Kawirikawiri ayi, injini yaikulu imafuna yaikulunso. Ndipo chonde, musamatunge madzi a m'nyanja kuthira mu ladiyeta. Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi, n'chifukwa chake madzi ake ndi amchere, ndipo mcherewo umadya injini kuchokera mkati. Yendani ndi chigubu chanu cha madzi abwino osakaniza ndi coolant. Chinanso, ngati mwagula 3L kapena 5L, sinthani timing belt tsiku lomwelo, musakhulupirire mawu a wogulitsa. Ikaduka, mavavu amagundana ndi mapisitoni.

Mapepala ndiwatani?

Nambala ya injini inalembedwa mu blue book, ndiye ikasintha a Road Traffic ayenera kudziwa. Sungani lisiti yokhala ndi nambalayo pamodzi ndi mapepala a MRA osonyeza kuti inalowa m'dziko mwalamulo, ndipo apolisi aitsimikize kuti si yobedwa. Auzeninso a inshulansi. Injini yofufutidwa nambala isiyeni, ngakhale itchipe bwanji: COF idzavuta, ndipo pa lodibuloko mudzayankha mlandu wa munthu wina.

Ndikufuna kutenga ngongole yogulira injiniyi. Nsomba zibweza?

Chaka cha madzi ambiri zibweza. Koma nyanjayi ndi yosazama, ndipo inauma mu 1968 ndi mu 1995, n'kuphweranso kwambiri mu 2018 mpaka mabwato kugona pamatope. Zikatero matemba amasowa, maulendo a ku Kachulu amachepa, koma ngongole siidikira mvula. Werengerani ngati mpunga, chimanga ndi matola pazokha zingaibweze. Ganiziraninso tsiku logulitsa. Hilux ya 3L yokhala ndi mapepala olongosoka imapeza wogula ku Zomba kapena ku Limbe. Pikapu ya thupi la Toyota, injini ya Canter ndi mawaya odziwa munthu mmodzi yekha, amaigula ndi ophwasula, pa mtengo wa zitsulo.