Liwu Lakuti "Nyama" ndi Mawu Otsutsana Nalo

Pophunzitsa Chicheŵa timakonda kupereka ntchito yakuti, "Lembani mawu otsutsana ndi aŵa." Pa mawu monga usiku, kutalika kapena kugula, ntchitoyi siivuta. Koma mphunzitsi akalemba pabolodi liwu lakuti nyama, atasunga m'kope mwake yankho limodzi lokha lakuti munthu, adzalakwitsa ana ambiri amene ayankha bwino. Mwana wotero amayamba kukayikira chiyankhulo chimene anayamwira, ndipo maŵa lake sakwezanso dzanja.

Tiyeni tiliyang'ane bwino liwuli. Tikati, "Ku Kasungu kuli nyama zambiri," tikunena za njovu, njati ndi mbawala za m'nkhalango imene inakhala malo osungirako nyama a boma mu 1970. Palibe amene amaganiza za mbuzi. Pamenepa liwu lotsutsana nalo ndi chiŵeto. Komatu mbuzi yomweyo ikaphedwa ndi kuloŵa mumphika yasanduka nyama, ndipo mwana amene walemba kuti masamba sanalakwe, pakuti kwawo ndiwo zikapanda kukhala nyama zimakhala nkhwani kapena chisoso. Wa kunyanja angalembe kuti nsomba. Wina amene anatumidwapo kokagula ndiwo, nabwerako ndi phukusi lolemera koma lopanda mnofu, adzalemba kuti fupa. Nayenso wakhoza.

Galamala amatithandiza pang'ono. Dzinali lili m'gulu la I-Zi, ndipo silisintha maonekedwe pochulukitsa. Chimene chimasintha ndi mgwirizano. "Nyama yapsa" ndi mawu okondweretsa amene ali ndi njala. "Nyama zapsa" ndi nkhani ya moto wolusa m'tchire. Ana a Sitandade 5 amakumva kusiyanaku msanga ngati ziganizo ziŵirizi tazilemba moyandikana.

Povuta kwenikweni ndi pamene nyama ikutsutsana ndi chilombo. Makolo sanagaŵe zamoyo monga achitira mabuku a sayansi. Gwape ndi insa ndi nyama chifukwa zimadyedwa. Fisi ndi njoka ndi zilombo chifukwa zimaopsa kapena kuwononga. Nanga njovu? Kwa mlenje wakale inali nyama, koma kwa mlimi amene yamuthera chimanga usiku umodzi ndi chilombo basi. Liwu lakuti chilombo nalonso lili ndi nthambi zake: ovina Gule Wamkulu amatchedwa zilombo, ndipo timati tizilombo ponena za timene timayambitsa malungo. Tisaiŵalenso kuti m'kalasi limodzi mumakhala ana a miyambo yosiyana. Mbeŵa ndi ndiwo zapamwamba kwa wina, kwa mnzake ndi kachilombo koononga m'munda. Nkhumba kwa mwana wa Chisilamu si chakudya konse. Mphunzitsi asaloleze kuti kalasi liseke mwana pa nkhani ya zimene kwawo amadya kapena sadya.

Yankho lija lakuti munthu lili ndi malo ake. Tikati, "Khalidwe lake ndi lauchinyama," tikuliyerekeza ndi umunthu. Tanthauzo limeneli ndi la m'zining'a, ndipo ife tikuona kuti liyenera kudza pomalizira, osati poyamba monga ambiri achitira.

Tsono phunziro tiliyendetse motere. Liwu lisaperekedwe lokha. Nthaŵi zonse likhale m'chiganizo. Tiyambe tapempha ana kuti atipatse ziganizo zawo zokhala ndi liwu lakuti nyama, tizilembe pabolodi monga azinenera, kenaka iwo omwe aziike m'magulu potsata tanthauzo. Pa gulu lililonse tifunse kuti, "Kukanakhala kuti si nyama, chikanakhala chiyani?" Pochonga, tilandire yankho lililonse limene mwana angalitsimikize ndi chiganizo chomveka. Amene akupita kukayeserera kuphunzitsa chigawo chino akonze phunziro la mphindi 35 pa liwu lakuti chilombo, ndipo alembe mayankho onse amene ana adzapereke, ngakhale amene sanawayembekezere, kuti tidzakambirane akadzabwerako.